Mbiri ya Maliro ya Madala Jelemiya, Eni Ake Ali Pompo

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinapha munthu ndi bolopeni. Apolisi sanabwere, chifukwa munthuyo anapitiriza kuyenda miyezi ina iwiri, akutsokomola ndi kuothera dzuwa ngati wamoyo. Koma tsiku lomwe anafa ndikulidziwa, popeza ndine ndinawerenga mbiri yake, iye atakhala pa chigoba cha mabotolo patsogolo panga. Amene akuti ndikuwonjezera akafunse ku Photsaneng. Kumeneko ndi agalu omwe akukumbukira.

Tinkakhala mu mkhukhu, kachisakasa ka malata, moyang'anizana ndi chimulu cha dothi lotuwa lochokera mumgodi. Mphepo ikawomba, dothilo linkatipeza m'maso, m'mano ndi m'ndiwo, ndipo amayi ankati tisadandaule chifukwa anthu ena amagula mchere. Bambo ankalowa pansi kukakumba pulatinamu, chuma chomwe mpaka lero sanachionepo ndi maso awo. Ine ndinabadwira ku Ntcheu, koma ndinalowa Joni ndili kumsana, ndipo pamalire panalibe amene anafunsa dzina langa. Nditafika msinkhu, kalaliki wa pasukulu ina anapempha pepala losonyeza kuti ndinabadwa. Amayi anandikankhira kutsogolo nati, "Nayu." Kalalikiyo anati umboniwo ndi wosakwanira. Tinapitako katatu. Ulendo wachitatu, tili m'njira yobwerera, amayi anaima, nakonza chitenje, nati, "Esinati, kuyambira mawa sukulu ndine."

Amayi analekeza Sitandade 8, koma mayendedwe awo anali a munthu amene anakana yunivesite dala. Sukulu yawo inalibe fizi, inalibe belu, ndipo mawu akuti tchuthi ndinadzawamva nditakula. Lamulo lake linali limodzi: chophunzirira chilichonse chikhale chaulere. Bolodi linali chitseko cha fuliji yakufa, choko anali makala. Buku langa loyamba linali mapepala otsatsa malonda a m'masitolo, kotero ndinadziwa kulemba miyendo ya nkhuku m'Chingerezi ndisanadziwe kulemba dzina langa. Kenako kunabwera timapepala ta asing'anga tomwe amagawa pa renki ya matekisi, tolonjeza kubweza mkazi wothawa, kupambanitsa mlandu ndi kukulitsa zinthu zina. Phunziro limenelo linathetsedwa tsiku lomwe ndinafunsa bambo, alendo ali pompo, kuti chimene asing'anga amakulitsacho n'chiyani.

Panalinso chidutswa cha lamba wa labala chomwe bambo anatola kumgodi. Amayi anachitcha Hedimasitala. Nachonso chinali chaulere, choncho sankachiumira. Ndikaiwala mpumiro, Hedimasitala ankauika yekha pamwendo panga. Ndikulumbira, mpaka pano mvula ikamayandikira, ndimamva zizindikiro zonse za m'kalembedwe zikuyabwa pa katumba wakumanzere.

Koma chuma chenicheni amayi anachitulukira pamaliro. Kuno ku Joni maliro amakhala ndi pulogalamu: pepala lolimba, lopinda pakati, kutsogolo chithunzi cha malemu akumwetulira, m'kati ndondomeko ya mwambo, kumbuyo mbiri yawo. Amayi atangoona ziganizo zathunthu, zokhala ndi mwininkhani ndi mneni, zosatchula mtengo wa nkhuku, anadziwa kuti apeza laibulale. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankamanga duku n'kupita kukalira anthu omwe sanawaonepo. Ankalira mwaluso moti pamaliro ena anawakhazika pa matiresi pamodzi ndi ofedwa, ndipo mlongo wake wa malemu ndiye ankawatonthoza. Mphezi indiwombe ngati ndikunama. Ankabwera ndi maso ofiira, nyama m'kapepala, ndi mapulogalamu atatu kapena anayi m'chikwama.

Anayamba kudzaza katoni ya nsapato, kenako katoni ya nthochi. Ndinkawerenga mbiri m'Chingerezi, n'kuifotokoza m'Chichewa, ndipo amayi ankatengamo mawu a lembetso. Masiku omwe ankapita kukachapa ku nyumba za anthu olemera ku Cashan, ankandisiyira akufa awiri oti ndiwaloweze pamtima asanabwere. Ana ena anali ndi aphunzitsi amoyo. Anga onse anali atagona kale, ndipo anali aphunzitsi abwino, osakalipa. Vuto lake linali lakuti nkhani zonse zomwe ndinkadziwa zinkayenda njira imodzi: anabadwa, anagwira ntchito, anadwala kwa nthawi yochepa, wasiya ana ndi zidzukulu. Sindinkadziwa kuti nkhani ikhoza kutha munthu akupumabe.

Mkhukhu woyandikana ndi wathu unali wa Madala Jelemiya, tchona la machona. Anabwera ku Joni ali mnyamata, analowa pansi mpaka mapapo awo atadzaza fumbi, ndipo mgodi unawalavula. Ankatsokomola mokuti malata athu ankayankha. Ndiwo ankatitolera mapepala a pa renki, n'kuwawongola bwinobwino pa bondo asanandipatse. Ankanditchula kuti pikinini, kutanthauza kamwana m'chiyankhulo cha kumgodi.

Madala analibe kanthu, koma anali ndi kwawo, ndipo aliyense ankakudziwa ngati anafikako. Ku Dedza anali ndi nyumba ya njerwa zootcha, mkazi wawo Nabanda yemwe ankasesa pakhomo m'mawa uliwonse poyembekezera iwo, ndi ana asanu ndi mmodzi. "Disembala uno ndikupita," ankatero, ndipo Lamulungu lililonse ankapukuta nsapato za ulendowo n'kuzibwezera pamwamba pa sutikesi. Disembala ankabwera n'kudutsa, iwo n'kunena kuti mabasi adzaza. Anthu ankadziwa kuti nkhaniyo ili ndi zigamba, koma ankailemekeza. Obwera kumene ankayamba kukagwada kwa iwo. Anthu akakangana za malire a mkhukhu kapena za mkazi, ankapita kwa Madala, chifukwa munthu amene akudikiridwa kwawo mawu ake amalemera. Ku Joni umphawi amakukhululukira, popeza tonse tinali nawo. Koma ukakhala wopanda kwanu ndiwe galu wa pamsika. Nkhani ya Disembala ija ndiyo inali ndodo yomwe Madala ankayendera.

Tsiku lina masana anandiitanira kuseri kwa mkhukhu wawo. M'manja anali ndi kalata yomwe anabwera nayo mmodzi wa amalole onyamula katundu wa kumudzi. Maso awo anali atachita mtambo, zilembo sankazionanso.

"Pikinini, akuti umawerenga. Tandiuza zomwe akunena amayi ako a ku Dedza."

Sanalembe Nabanda. Analemba mwana wawo woyamba, ndipo analemba mwachidule ngati munthu wosunga inki. Anati amayi ake anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Anati nyumba ija inalekera m'mawindo ndipo mukugona mbuzi. Anati, tinamva kuti mukufuna kubwera, musavutike, ife tinakulirani kale n'kumeta, bambo tilibe.

Ndinawerenga mokweza, mosaphonya mpumiro ndi umodzi womwe, monga Hedimasitala anandiphunzitsira. Madala anati ndibwereze. Ndinabwereza. Chifuwa chawo chinkalira ngati ketulo. Kenako anapinda kalatayo, natulutsa lalanje m'thumba la jekete, la ku minda ya ku Buffelspoort komwe nthawi zina ankakapempha ganyu.

"Aikona, pikinini. Iwe sunawerenge kanthu lero. Wamva?"

Ndinati ndamva. Lalanjelo linali lokoma kwambiri. Ndinadya lonse, ndi njere zomwe.

Tsopano pa mzere wathu panali amake Dalitso, mayi yemwe ana ake anali ndi mapepala, yunifomu ndi zikwama za kumsana. Sukulu ya amayi ankaitcha yunivesite ya kumanda. Pa mpopi ankafunsa mokoma kuti, "Amake Esinati, mawa kuli maliro ku Mooinooi, mabuku atsopano simukatenga?" Amayi anapirira mpaka tsiku lina ndowa inawagwa m'manja. Anagwirizana kuti Lamulungu, anthu akaweruka kutchalitchi, Dalitso awerenge chimangirizo chake cha kusukulu, ine ndiwerenge changa, pamaso pa mzere wonse. Woweruza akhale Madala Jelemiya.

"Lemba za munthu amene ukumudziwa," amayi anandiuza. "Ndipo ulembe zoona zokhazokha, osati zopeka za kusukulu kwawoko. Ukandichititsa manyazi, Hedimasitala ayankhula nawe mpaka udzakwatiwe."

Ndikanakonda kunena kuti ndinachita zomwe ndinachitazo chifukwa cha mantha, kapena chifukwa nkhani ya mtundu wina sindinkaidziwa. Zonsezo zinalipo. Koma ndinalonjeza kuti sindinama, ndiye ndinene: ndinadziwa kuti anthu aseka. Ndinali nditazindikira kale kuti ndikayankhula nkhope ili gwa, akuluakulu amagwira m'mimba, ndipo kukoma kwa chimenecho kunaposa lalanje. Ndinalemba Loweruka lonse. Amayi sanaone zomwe ndinalemba, chifukwa anali atapita kukatenga mabuku.

Lamulungu linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Anthu anakhala pa zidebe ndi pa matayala, mumthunzi wa mpanda. Madala anabwera atavala jekete ndi nsapato za ulendo zija, zonyezimira moti nkhuku zinkadziyang'aniramo. Anawaikira chigoba cha mabotolo kutsogolo.

Dalitso anayamba. Anawerenga m'Chingerezi za galu wake, momwe amamukondera ndi momwe amamusambitsira. Kwawo kunalibe galu. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, amake anaimba nthungululu okha.

Ine ndinaimirira ndi pepala lopinda pakati. Kutsogolo ndinali nditajambula munthu wa jekete akutsokomola. Ndinakonza kukhosi ngati mkulu wa mpingo.

"Mbiri ya malemu Madala Jelemiya. Malemuwa anabadwira ku Dedza kalekale, mapiri akadali aafupi. Anabwera ku Joni kudzagula njinga, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo anali akusankhabe."

Anthu anaphulika. Madala nawo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, akundiloza ndi chala. "Mwana uyu ndi skelemu, kathyali weniweni!"

"Anagwira ntchito pansi mokhulupirika, ndipo pochoka anatenga theka la mgodi m'chifuwa popanda alonda kuwagwira."

Kuseka kunakula. Bambo wina anagwa pa chidebe. Amayi anayang'ana amake Dalitso ndi diso la munthu amene wapambana kale. Pamenepo ndi pomwe ndikanalekera. Pepala linali m'manja mwanga, ndipo panalibe amene ankadziwa zomwe zatsala. Ndinaona Madala akupukuta misozi ya chimwemwe, ndinakumbukira lalanje, ndipo ndinapitiriza.

"Malemuwa anamanga nyumba yomwe inalekera m'mawindo, ndipo panopa mukugona mbuzi. Mkazi wawo Nabanda anatsogola zaka ziwiri zapitazo, atatopa kudikira Disembala. Asiya ana asanu ndi mmodzi, koma anawo alemba kalata kuti bambo alibe, anawalira kale n'kumeta. Choncho malemuwa asiya sutikesi imodzi ndi nsapato ziwiri. Mzimu wawo uuse mumtendere konkuno, popeza kwina kopita ulibe."

Mungaganize kuti panagwa bata. Ayi. Anthu anaseka kuposa poyamba, koma kuseka kwake kunasintha, kunamera mano. Amake Dalitso, omwe mwana wawo anali atagonja, ndiwo anaseka kwambiri, chifukwa anapeza wogonja woposa.

"Madala, nzoona zimenezi?" anafuula. "Mbuzi? M'nyumba ya njerwa zootcha ija?"

Madala akanatha kukana. Ndani akanakhulupirira mwana wa zaka khumi wosapita kusukulu? Ndinaona milomo yawo ikuyamba kusuntha. Koma amake Dalitso anatembenukira kwa amayi nati, "Kapena ku yunivesite kwanuko mumaphunzitsa bodza?" Ndipo amayi, mpikisano utawakwera m'mutu, anayankha asanaganize.

"Mwana wanga sanama. Sukulu yanga siphunzitsa zopeka."

Chitseko chomaliza chinatsekedwa ndi mawu amenewo. Madala anayang'ana amayi, nayang'ana ine. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira mpanda, nakonza jekete monga woweruza.

"Wapambana ndi pikinini," anatero. "Palibe pomwe walakwitsa." Kenako anaweramira nsapato zawo, nadzitsanzika ndi mawu omwe kuno amatsanzikira maliro, nati, "Hamba kahle, Jelemiya." Anayenda kupita ku mkhukhu wawo, fumbi likuphimba kunyezimira kuja pang'onopang'ono.

Pofika Lolemba dzina lawo linali malemu. "Malemu, mwadzuka bwanji?" "Malemu, kumeneko kukuzizira?" Ana ankawatsatira kumpopi akuimba nyimbo ya maliro, ndipo Dalitso ankatsogolera ndi mawu abwino ndithu. Bambo wina anakagogoda kukafunsa ngati sutikesi ili ndi wolowa m'malo. Milandu inasiya kupita kwa iwo. Obwera kumene ankalozeredwa mkhukhu wawo ngati chenjezo: ukapanda kutumiza kanthu kumudzi, udzathera apo. Lamulungu lotsatira nsapato sizinatuluke.

Ndinkadikira Hedimasitala, koma sanatsike pa msomali. Amayi sanathe kundimenya chifukwa cha mlandu womwe iwonso anasainira. M'malo mwake masana aliwonse ankandipatsa mbale yovundikira kuti ndikapereke kwa Madala. Ndinkagogoda, ndipo mawu ankachokera m'kati, odekha, opanda mkwiyo.

"Akufa sadya, pikinini. Bwerera nazo."

Ndinkabwerera nazo, ndipo amayi ankandiuza kuti ndidye ndekha, iwo akuyang'ana. Ndikulumbira kuti lamba uja anali wofewa poyerekeza ndi mbale imeneyo. Chomwe chinkandipweteka koposa n'chakuti m'mawa wina uliwonse tinkapezabe mapepala a pa renki pakhomo pathu, owongoledwa bwinobwino, atatsinjikizidwa ndi mwala.

Anamwalira mu Novembala, Disembala atatsala pang'ono kuwapeza. Amuna a bungwe la maliro la anthu a kumudzi atatsegula sutikesi, anapezamo diresi la maluwa ndi timakabudula ta ana a zaka zisanu, ana omwe panthawiyo anali ndi ndevu. Amake Dalitso anati n'kulakwa kuti zinthu zabwino ziwonongeke, natengera mwana wawo womaliza.

Amunawo anati maliro a ku Joni sangachitike opanda pulogalamu, ndipo onse anayang'ana khomo lathu. Amayi anaika pepala ndi bolopeni patsogolo panga.

"Unayamba ndiwe. Maliza."

"Ndilembe zoona, amayi?"

Anayang'ana katoni ya nthochi ija nthawi yaitali. "Ndati maliza," anatero, natuluka panja.

Ndinalemba. Nyumba ya ku Dedza ndinaimaliza ndi dzanja langa, ndinaikhoma malata, ndinaiika khonde ndi zitseko zisanu ndi ziwiri. Mbuzi ndinazitulutsa. Ndinalemba kuti Nabanda anasesa pakhomo mpaka tsiku lake lomaliza, ndipo anangotsogola kukakonza malo. Ndinalemba kuti malemuwa asiya ana asanu ndi mmodzi omwe alephera kubwera chifukwa mabasi adzaza. Kumanda anandiimika pa mulu wa dothi kuti ndiwerenge. Nditafika pa zitseko zisanu ndi ziwiri, ndinamva amake Dalitso akunong'oneza mnzawo, mokweza mokwanira, kuti, "Bodza."

Ndinatsitsa pepala, ndinawayang'ana, ndipo ndinati, "Zonsezi nzoona. Ndikulumbira."

Panalibe amene anaseka. Kanali koyamba kulumbira pa chinthu chomwe ndawonjezera, ndipo sindinasiyenso.

Pulogalamu imeneyo ndi yomaliza m'katoni. Amayi sanapitenso kumaliro a anthu osawadziwa, ndipo chaka chotsatira anapeza sukulu ina yomwe inavomera kuti ndinabadwa. Ndinakalowa ndikudziwa kulemba kuposa onse, moti aphunzitsi anafunsa kuti mabuku tinkagula kuti. Amayi anayankha kuti zonse zinali zaulere.

Panopa ndikudziwa kuti sizinali zaulere. Pepala lililonse m'katoni muja munthu analilipira ndi moyo wake wonse, ndipo lomwe linandiphunzitsa kwambiri analipira ndi munthu amene anali akupumabe. Ndinazindikiranso chifukwa chake m'mapulogalamu onse aja munalibe malemu ndi mmodzi yemwe amene anali chidakwa, wothawa ana, kapena wokanidwa kwawo. Ine ndinkayesa kuti anthu oipa samwalira. Sindinadziwe kuti olembawo ankadziwa zonse, n'kusankha zoti afunditse mnzawo. Amayi anandiphunzitsa poika mpumiro m'chiganizo. Poika mpumiro m'nkhani ya munthu wina anandiphunzitsa ndi Madala, ndipo ndinaphunzira mochedwa ndi ndime imodzi.

Anthu amandinena kuti ndimawonjezera nkhani. Sindikana. Kunena zoona zokhazokha ndinayesako kamodzi, ndipo ndikudziwa pomwe tinamuika.